Kayoti Amathawa, Mmbulu Umadikira

Anthu a m'mudzi muno amaseka galu wanga. Akamapita kudimba amaima pampanda n'kumamuloza: galu wamkulu, wonenepa, wagona pakati pa mbuzi, sasaka, satsata munthu, ndipo amadyera m'mbale. Mlamu wanga adafika pondifunsa ngati galuyo ndidamulembetsa kuti azilandira penshoni. Ndalemba izi chifukwa mwana wanga wamkazi wandivutitsa, akuti ndikafa nkhaniyi ipita nane kumanda. Sukulu ndidalekezera sitandade sikisi, ndiye wofuna Chichewa cha pawailesi akafune kwina.

Ndine wa kumapiri a Biriwiri. Ng'ombe za bambo ndidayamba kuweta ndisanavale kabudula. Kwathu galu amadziwika ndi liwiro. Wogona pakhomo amalandira ndodo, wogwetsa gwape pa uzimba amalandira matumbo. Ndidakula ndikudziwa zimenezo, ndipo kunja ndidapita nazo zimenezo.

Ku Amereka sindidapiteko chifukwa cha nzeru za m'kalasi. Ndidayamba ndagwira ntchito ku Joni, pafamu ya nkhosa ya mzungu wina wachibunu dzina lake Kobasi. Zinthu zitasintha kumeneko, nthawi yomweyo imene kuno tinkavotera zipani zambiri, iye adagulitsa famu n'kutsatira abale a mkazi wake ku Amereka. Ine ndidabwerera kudzalima kachewere. Patapita mvula ziwiri kalata idafika. Bwana Kobasi adalemba kuti kumeneko abusa ndi osowa, mapepala akonza kale, ndinyamuke.

Mkazi wanga, aNangozo, adamvetsera kalatayo mpaka kumapeto. Adafunsa chimodzi chokha: dziko la ndege ndi galimoto lasowa munthu wothamanga pambuyo pa nkhosa? Ndidati othamanga alipo, lasowa wodziwa. Adandikazingira mtedza. Chibonga changa ndidachikulunga m'bulangeti, ndipo pabwalo la ndege atachitulutsa ndidati ndi ndodo yoyendera. Adandiyang'ana miyendo, adachibwezera.

Ndege ndidakwera zitatu. Pa yomaliza ndidasuzumira pawindo n'kuona mapiri oyera pamwamba ngati wina wakhuthulapo ufa. Mtima udagunda ngati wa mnyamata wopita kukafunsira. Ife a ku Biriwiri timanyadira kuzizira kwathu, timaseka anthu a kuchigwa cha ku Sharpevale akamanjenjemera mu Juni. Kumene kuja nditangotsika ndege mphepo idandimenya pamano, ndipo za kuzizira ndidasiya kunyada mpaka lero.

Ntchito yake idali yotere. Gulu limodzi la nkhosa lidali lalikulu moti zikamatsika, phiri lonse linkaoneka ngati likuyenda. Khola kulibe. Ndidafunsa kuti zizigona kuti, bwana adaloza phiri. Ife tinkakhala m'ngolo yokhala ndi denga, m'kati muli bedi, mbaula ndi mfuti. Msipu ukatha, ngolo inkakokedwa kupita patsogolo. Chakudya bwana ankabweretsa pagalimoto kamodzi pa masabata awiri: nyemba, mpunga, zam'zitini, mchere wa nkhosa. Ndalama za malipiro ankatumiza yekha kumudzi, poti kuphiri kulibe sitolo. Pakati pa masabata awiriwo simuona munthu.

Kupatula mmodzi. Mnzanga wa m'ngolo adali mkulu wina wa ku Peru, dzina lake Sebiyo, wamfupi, miyendo yopindika chifukwa cha hatchi. Adali atakalambira m'mapiri amenewo. Chingerezi chake chidali chothyoka, changa chidali chothyoka mbali ina. Pamene mawu athera tinkajambula pansi ndi kamtengo. Adandionetsa chithunzi cha kwawo, ndipo ndidadabwa kuona minda ya kachewere pamapiri ngati ku Biriwiri. Tidakangana madzulo onse kuti kachewere wokoma ndi wa kuti. Ndiye adandiphunzitsa kukwera hatchi. Ndidagwa kanayi. Sadaseke mpaka kachinayi.

Agalu adalipo a mitundu iwiri. Ena aang'ono, akuda ndi oyera, okusa nkhosa. Sebiyo akangokweza dzanja, ankazungulira gulu lonse n'kulibweza. Amenewo ndidawalemekeza tsiku loyamba. Ena adali aakulu, oyera, aubweya ngati nkhosa zomwezo: wamkazi wokalamba ndi mwana wake wamwamuna wa miyezi ingapo. Amenewa ntchito yawo idali kugona. Nkhosa zikayenda, ankayenda pakati. Zikagona, ankagona. Ndipo adali ndi thumba lawolawo la chakudya chogula kusitolo. Ndidayang'ana thupi lonselo likuwonongeka ndi ulesi, mtima udandiwawa. Sebiyo adati ndiwasiye, ndi alonda. Ndidati kwathu mlonda wogona timamuchotsa ntchito.

Kayoti woyamba ndidamuona nthawi imene nkhosa zinkaswa. Dzuwa litangotuluka, kanyama kotuwa kadaima patsidya la kamtsinje, makutu aatali osongoka, mlomo woonda, miyendo ngati timitengo. Ndidaseka ndekha. Ulendo wonsewu, ndege zitatu, kudzapeza nkhandwe ya kwathu yomwe ija. Yaikulupo pang'ono, koma maso akuba omwe aja. Sebiyo adati dzina lake ndi kayoti. Ndidamuphunzira msanga. Amayenda yekha, kapena awiri, mwamuna ndi mkazi. Amadya mbewa, ziwala, zipatso, chilichonse, ndipo akapeza mwana wa nkhosa wotsalira amamugwira pakhosi. Dzuwa likamalowa amaimba. Awiri okha, koma phokoso ngati ali khumi: kuseka, kulira, kuuwa, zonse pamodzi, ngati amayi pachinkhoswe. Ukamuponyera mwala amathawa mchira uli pansi, n'kukaima patali kumakuyang'ana.

Sebiyo adati kayoti si nkhani. Nkhani ndi wina amene iye ankamutcha lobo. Atandijambulira ndidazindikira kuti ndi mmbulu, uja timamva m'tchalitchi. Azungu akale adali ataipha yonse mimbulu m'dera limenelo, koma boma lidali litaibwezeranso m'mapiri a kumpoto, ndipo idali ikuswana n'kumatsika pang'onopang'ono. Lamulo lidali lolimba. Kayoti ungamuwombere, mmbulu ayi. Mlendo ngati ine kuwombera mmbulu, ndiye kuti ndende, kenako ndege yobwerera.

Sebiyo adagwada pamatope kundiphunzitsa. Adaika zala zitatu pansi: phazi la kayoti. Adatambasula dzanja lonse: phazi la mmbulu. Adagwira makutu ake n'kuwakokera m'mwamba: kayoti. Adawapinda kuti afupike: mmbulu, mutu waukulu, mlomo wonenepa ngati chipika, miyendo yaitali. Adatenga chingwe n'kuchilendeweretsa kumbuyo kwake, kuti umo ndi mmene kayoti amathamangira. Adachikoka kuti chiwongoke, kuti umo ndi mmbulu. Kenako adakweza mutu n'kulira kulira kumodzi, kwakutali, kwapansipansi, kosadukiza, mpaka hatchi zidatukula mitu. Adati ndikadzamva kumeneko ndisadzamasule galu. Kayoti amaopa galu. Mmbulu umaona galu ngati mmbulu wa mudzi wina walowa m'dera lake, ndipo sumuthamangitsa, umamupha.

Ndidamumvetsera monga timamvetserera mlaliki wotalikitsa. Mumtima ndidati, mwana wa Mngoni, amene agogo ake ankalimbana ndi mikango pakhola, aphunzitsidwe kuweta ndi munthu wovala chipewa chaubweya chokhala ndi makutu? Nkhandwe yaikulu ndi nkhandwe basi.

Kagalu koyera kaja ndidakatenga kukhala kanga. Ndidakatcha Kasinje, dzina la kwawo kwa aNangozo, kuti pakamwa panga pazituluka mawu amodzi a kwathu tsiku lililonse. Sebiyo akapita ndi hatchi mbali ina ya gulu, ine ndinkatsegula sukulu. Ndinkamanga chikopa cha kayoti wakufa pachingwe n'kumachikoka pamsipu. Likhweru limodzi, kenako mawu amene galu aliyense wa ku Ntcheu amawadziwa: gwira. Akachigwira ndinkamupatsa nyama ya m'chitini, ya gawo langa. Ine nyemba zokha, iye nyama.

Adaphunzira. Abale, adaphunzira. Pofika chilimwe chachiwiri Kasinje adali atakula ngati mwana wa ng'ombe, ndipo tsiku loyamba limene ndidamutuma pa kayoti weniweni ndikulionabe. Kayoti adali akuzembera kumapeto kwa gulu. Ndidaimba likhweru. Chinthu choyera chija chidatuluka pakati pa nkhosa ngati thanthwe logubuduzika, kudumpha kamtsinje osanyowa, kayoti mchira pansi, fumbi koboo, kukwera chitunda, kutsika, kukweranso. Ine pahatchi ndikukuwa Chichewa chokhachokha, mapiri akundibwezera. Adamupeza pachitunda chachitatu. Adabwera magazi ali kukamwa, n'kudzagona pamapazi anga. Ndidavina ngoma ndekha paphiri la ku Amereka, chibonga m'mwamba, kuponda pansi mpaka nkhosa zidasiya kudya.

Chilimwe chimenecho akayoti adatiopa. Ana a nkhosa otayika adachepa. Bwana adayamikira, chifukwa chake sadafunse. Ndidalembera aNangozo kuti azungu ayamba kuphunzira kuweta.

Sebiyo sadavine. Adali ataona zonse. Tsiku lina tikudya masana adaika supuni pansi.

"Amigo Malawi," poti umo ndi mmene ankanditchulira, "galu wako wafa."

Ndidamulozera Kasinje, ali chigonere pamthunzi wa ngolo, mimba ikukwera n'kutsika.

"Wamuona ali pati? Sali pa nkhosa. Ali pa iwe. Galu woyera akakhala pakati pa nkhosa, mmbulu umayang'ana, umaganiza, umapita kukafuna gwape. Akatuluka yekha, wafa."

Ndidamuyankha kuti mwina ku Peru agalu ndi amantha ngati eni ake. Sadandilankhule masiku atatu. Khofi ankandisiyirabe pambaula.

Chizindikiro choyamba chidali chete. Tidakwera ndi nkhosa kumsipu wa pamwamba, pafupi ndi nkhalango ya paini. Tsiku loyamba dzuwa likulowa akayoti adaimba monga mwa masiku onse. Lachiwiri, zii. Lachitatu, zii. Ine ndidati Kasinje wawasamutsa onse. Sebiyo adati ayi, mmbulu ukafika kayoti amatseka pakamwa, chifukwa ukamupeza umamupha. M'mawa adanditengera pomwera nkhosa n'kundionetsa phazi pamatope. Ndidaikapo dzanja langa. Lidakwana. Mapaziwo adayenda mzere wowongoka ngati wa munthu wodziwa kumene akupita, osati kukhotakhota kwa galu. Galu wokalamba uja, mayi wa Kasinje, adali atakanirira pakati penipeni pa gulu, chakudya osachiyang'ana n'komwe.

Sebiyo adandiuza kuti ndimange Kasinje pangolo. Ndidamumanga tsiku limodzi. Adalira tsiku lonse, ndipo ine sindimanga galu wolimba mtima ngati mbuzi yopita kumsika. Mawa lake, Sebiyo atatsika ndi hatchi kukaona njira yodutsa ngolo, ndidamumasula.

Dzuwa lidali litakwera ndithu. Ndidaona nyama yotuwa itaima pachitunda, m'mphepete mwa mitengo, kutali moti kukula kwake sikunkadziwika. Idali yokha. Ndidati mimbulu imayenda pagulu, uyu ali yekha, ndi kayoti. Mlomo udachita zimene udazolowera. Likhweru. Gwira.

Kasinje adanyamuka.

Ali pakati pa dambo, ndidayamba kuona zimene Sebiyo adajambula pamatope, chimodzichimodzi. Nyamayo sidathawe. Kayoti akadakhala atasowa kale. Idatembenuza mutu: mutu waukulu, makutu aafupi. Idayenda pang'ono kulowera kumitengo, osafulumira, miyendo yaitali ngati ya mwana wa bulu, mchira uli wowongoka kumbuyo. Idaima, n'kucheuka ngati ikumuitana. Ndipo m'mitengo mudasuntha zina ziwiri.

Ndidakuwa dzina lake mpaka mawu adasasa. Koma ndidali nditamuphunzitsa kupita. Kubwerera sindidamuphunzitse.

Mfuti idali m'ngolo, kutali, ndipo ngakhale ikadakhala m'manja, lamulo ndinkalidziwa. Ndidamenya hatchi. Idathamanga bwino mpaka pakati pa dambo, fungo litaifika idaima nji, n'kundiponya paudzu. Ndidadzuka ndi chibonga. Zaka zanga zidali zitapitirira makumi anayi, nsapato zolemera, mpweya wa pamwamba wochepa, koma ndidathamanga monga sindidathamangepo chiyambire ubusa.

Phokoso ndidalimva ndisanaone kanthu. Nditalowa m'mitengo ndidapeza Kasinje atatsamira tsinde la paini. Mmbulu umodzi udali kutsogolo ukumunyengerera, wina utamugwira mwendo wakumbuyo n'kumakoka, wachitatu, wakuda, ukuzungulira kufuna pamimba. Kayoti ndidamuonapo pafupi kambirimbiri, wakufa ungamunyamule ndi dzanja limodzi. Izi zidali zina. Msana wa wakuda uja udali pafupi kufika m'chiuno mwanga, maso achikasu. Wouwa adali galu yekha. Iyo inkagwira ntchito mwakachetechete ngati anthu osenda ng'ombe.

Sindidaganize. Ndidalowa ndikukuwa mfuu ya agogo anga, ija timakuwa pa ngoma, ndikumenya mitengo ndi chibonga. Wogwira mwendo uja ndidauponyera chibonga, chidaupeza panthiti, udasiya. Yonse itatu idabwerera m'mbuyo pang'ono. Sidathawe. Wakuda uja udandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira, monga munthu amayang'anira mbuzi pamsika. Ndidaima pamwamba pa galu wanga, manja opanda kanthu, ndikuutukwana m'Chichewa. Kenako udatembenuka, inayo n'kutsatira. Idalowa m'nkhalango ikuyenda, osati kuthamanga.



Kasinje adali wamoyo. Ntchafu idali yong'ambika, khutu limodzi likulendewera. Pakhosi, ubweya wambiri uja ndiwo udamupulumutsa. Ndidatola chibonga, ndidamusenza pamapewa. Galu ameneyo ankalemera ngati thumba la chimanga, ndipo dambo lija ndidaliwoloka ndikupumula kasanu. Sebiyo adatipeza panjira, atagwira hatchi yanga imene idathawira kungolo. Adayang'ana galu, adayang'ana ine. Adawiritsa madzi amchere, adatenga singano yosokera matumba, ine ndidagwira mutu. Kasinje ankandinyambita dzanja uku akusokedwa. Chimenecho chidandipweteka kuposa kugwa pahatchi.

Patapita masiku anayi galimoto ya bwana idakwera ndi chakudya. Bwana Kobasi sadali munthu woipa, koma nyama ankaiona monga mlimi. Adaona galu, adafunsa pamene adalumidwira. Atamva kuti ndi m'mitengo, kutali ndi nkhosa, adapukusa mutu. Adati galu woyera wosiya nkhosa ndi wa magazi oipa, khalidwe limenelo silichira, adzaphunzitsa ena. Adapita kugalimoto kukatenga mfuti.

Ndidayang'ana Sebiyo. Ankadziwa zonse, ndipo ndidali nditamunyozera dziko lake. Adali akupukuta kapu, maso pansi. Sadandiulule, komanso sadandithandize. Adandisiyira ine.

Ine moyo wanga wonse ndidali ndisanapepesepo munthu. Bambo adandimenya ng'ombe zitadya mmera wa eni, sindidapepese. Ndipo ndikadakhala chete ntchito yanga ikadayenda bwinobwino, mlandu ukadapita ndi galu. Kuulula kudali kuuza munthu amene adandiitanitsa kuchokera kutsidya la nyanja monga mbusa wodziwa, kuti ndawononga galu wake ndi umbuli.

Bwana adabwera akulowetsa chipolopolo. Ndidaima pakati.

"Bwana, magazi ake ndi abwino. Wolakwa ndine."

Adati ndichoke pamenepo.

"Ndidamuphunzitsa ndine. Chikopa pachingwe, nyama ya m'chitini, chaka chathunthu. Mkulu uyu adandiletsa, ndidamunyoza. Adandionetsa kusiyana kwa kayoti ndi mmbulu, ndidati nkhandwe ndi nkhandwe. Tsiku lija ndidamutuma ndine. Ngati pali wobwerera kwawo, ndibwezeni ine. Galu adangomvera."

Bwana adatukwana m'Chibunu, mawu amene ndinkawadziwa bwino kuchokera ku Joni, n'kutsitsa mfuti. Adati popeza ndidadziwa kumuphunzitsa kupita, ndimuphunzitse kukhala. Adandipatsa nyengo yozizira imodzi. Nkhosa zikadzaswa, galuyo akadzasiya gulu kamodzi kokha, chipolopolo chake chilipo.

Galimoto itatsika, Sebiyo adandithirira khofi. Adati, "Lero walankhula Chingerezi chabwino, Amigo Malawi."

Nyengo yozizira ija ndidagwira ntchito yovuta kuposa zonse zimene ndidagwirapo: kukana galu wanga. Sebiyo ndiye adali mphunzitsi, ine mwana wa sukulu. Kasinje tidamutsekera m'khola la kumunsi, pafamu, pamodzi ndi nkhosa zodwala ndi zokalamba. Chakudya ankadyera pakati pa nkhosa, choperekedwa ndi Sebiyo. Ine osamusisita, osamuitana dzina, osaimba likhweru. Akabwera kumpanda akutsimphina, akugwedeza mchira, ndinkamutembenuzira msana. Sinowo, ufa wozizira uja wa pamapiri, wofika m'mawondo, zala zosamva kanthu, mamina akuuma pandevu, ine ndikudutsa pakhola ngati sindimudziwa. Ankalira. Kenako adasiya kulira. Mwezi wachitatu ndidamuona atagona, mutu atatsamiritsa pamsana pa nkhosa yakhungu.

Nkhosa zitayamba kuswa tidatuluka nazo kumsipu, ndipo m'mawa wina bwana adabwera kudzaona ana. Kayoti sachedwa nthawi imeneyo. Adatulukira patsidya la kamtsinje komwe kaja, makutu m'mwamba, mlomo woonda, poyera penipeni. Tonse atatu tidamuona. Kasinje adadzuka. Ubweya wa pamsana udaima. Adayenda mpaka kumapeto kwa gulu, adaima, n'kutembenuka kuyang'ana ine.

Likhweru lidali kale pamilomo, lokha, osaliitana. Ndidaluma lilime mpaka ndidamva kukoma kwa magazi. Manja ndidalowetsa m'matumba, maso ndidayang'ana kumitambo.

Adauwa. Kuuwa kwakukulu, kwa m'chifuwa, katatu. Kayoti adagwetsa mchira n'kusowa m'tchire. Kasinje adaima pamenepo kanthawi, kenako adabwerera akutsimphina, adazungulira kawiri, n'kugona pakati pa ana a nkhosa.

Bwana adayatsa fodya n'kuyamba kukamba za ubweya wa chaka chimenecho. Sebiyo adandiponda phazi. Ine ndidapita kuseri kwa ngolo, ndipo zimene ndidachita kumeneko si za m'kope muno.

Ndidakhalako zaka zina zingapo. Mimbulu ndidaimva kambiri, kulira kuja kwakutali kumene kumalowa m'mafupa. Tsiku lina ine ndi Sebiyo tidaionera kuchokera pachitunda ikuthamangitsa gwape wa kumeneko, wamkulu ngati ng'ombe, wa nyanga ngati nthambi za mtengo. Idali isanu ndi umodzi. Ina kumbuyo, ina m'mbali, ikusinthana, osafulumira, mpaka idamugwetsa m'madzi. Uzimba wotero sindidauonepo, ngakhale wa anthu. Ndipo kutali, pakathanthwe, padakhala kayoti, akudikira kuti eni akhute achoke kuti iye adzatole mafupa. Sebiyo adandifunsa ngati ndikadali kunena kuti nkhandwe ndi nkhandwe. Ndidamuuza kuti ayang'anire nkhosa zake.

Sindinena kuti mimbulu sidatigwirepo nkhosa. Idagwira. Koma galu sitidatayepo.

Mawondo atayamba kukana hatchi ndidapempha kubwerera. Sebiyo adavula chipewa chake chaubweya chokhala ndi makutu chija n'kundiveka. Ndimachivala mu Juni, woseka aseke. Potsika ndi galimoto ya bwana tidadutsa pafupi ndi gulu. Kasinje adatukula mutu, adandiona bwinobwino pawindo. Mchira udamenya pansi kawiri. Sadanyamuke.

Kumudzi ndidapeza nyumba ya malata imene thukuta langa lidamanga, ana anga ali ndi ndevu akundipatsa moni wa alendo, ng'ombe za bambo zitatha, mng'ono wanga atazigulitsa imodziimodzi. Sindidakangane naye. Ndidagula mbuzi. ANangozo atamva nkhani yonse sadafunse za mimbulu. Adati, "Ndiye inu, mayiko onsewo, dzina la kwathu mudakalipatsa galu?" Ndidati adali galu wabwino kuposa abale awo ena. Ndiwo za tsiku limenelo zidalibe mchere.

Galu amene anthu amamusekayu ndidamuika m'khola ali kamwana kongotsegula kumene maso, adakulira pakati pa mbuzi. Si woyera, ndi galu wamba wa m'mudzi. Kuno kulibe kayoti, kulibenso mmbulu wa mtundu uja. Kuli nkhandwe, afisi ndi akuba, ndipo ena mwa amenewo nawonso sathawa. Sabata yatha mlamu wanga uja adadutsa ndi anzake a uzimba, agalu awo oonda ali patsogolo. Adaima pampanda, adaimba likhweru, n'kukuwira galu wanga kuti gwira, pofuna kuseketsa anzake. Galu adatsegula diso limodzi, n'kulitsekanso.

Ndidatuluka ndi chibonga chomwe chija. Ndidamuuza mlamu kuti mawu amenewo akawanenere kwawo. Pakhomo panga pano sanenedwa.